Moyo wa Keir Hardie, Mwana wa ku Migodi ya Malasha

Pokumbukira anthu akale amene anadzipereka cifukwa ca anzao, tiyenera kunenanso za James Keir Hardie. Iye anabadwa pa 15 August 1856 m'dziko la Scotland, m'cigawo ca Lanarkshire, momwe muli Blantyre, kwao kwa Dr. Livingstone. Makolo ace anali aumphawi, ndipo ali ndi zaka 10 analowa mumgodi wa malasha. Nchito yace inali kukhala yekha mumdima tsiku lonse, natsegula ndi kutseka citseko coyendetsa mpweya kwa okumba. Kulemba anaphunzira usiku, ataweruka.

Midzi ya ku migodi inali yaing'ono, koma yodzala ndi nsautso. Nyumba zinali za eni mgodi, zomangidwa m'mizere, kotero kuti munthu akacotsedwa nchito anataya ndi pogona pomwe. M'caka ca 1877 mgodi wa ku Blantyre unaphulika, nupha anthu 207. Ndipo patapita miyezi yowerengeka, akazi ena amasiye anaturutsidwa m'nyumbazo. Hardie, amene anali Mkristu wosalawa mowa, anayamba kusonkhanitsa okumba kuti alankhule ndi mau amodzi. Cifukwa ca ici eni migodi anamkaniza nchito. Pambuyo pace anasamukira ku Cumnock, nakhala mlembi wa bungwe la okumba a ku Ayrshire mu 1886.

Mu 1892 anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku London. Mu 1894 anthu 290 anafera mumgodi wa ku Cilfynydd, m'dziko la Wales, tsiku lomwelo limene kunabadwa mwana m'banja lacifumu. Akuru a m'Nyumbamo anafuna kuyamika kubadwako osanena kanthu za akufawo. Koma Hardie anaimirira nawadzudzula, angakhale anamkuwiza kwambiri.

Anataya mpando wace mu 1895, koma kuyambira 1900 kufikira imfa yace anaimira Merthyr Tydfil, dera la migodi ku Wales komweko. Mu 1906 anakhala mtsogoleri woyamba wa aphungu a cipani ca Labour. Lamulo la 1908 linaika malire a maola 8 pa nchito ya pansi, cinthu cimene iye anacilimbikira zaka zambiri. Koma zoopsa sizinaleke, pakuti mu 1913 mudzi waung'ono wa Senghenydd unataya anthu 439 pakuphulika kumodzi. Hardie anamwalira ku Glasgow pa 26 September 1915, ali ndi cisoni cifukwa ca nkhondo yaikuru imene anaitsutsa.

Tsono ife, amene ena a makolo athu anayenda ulendo wautali kukakumba malasha ku Wankie, tidziwa kuti moto uyenda ndi malasha, koma malasha anaturuka ndi thukuta ndi mwazi wa anthu. Timlemekeza Hardie pakuti atakhala pakati pa akuru sanaiwale mdima umene anaturukamo, nawakumbutsa kuti wokumba wa m'mudzi waung'ono ali munthu woyenera kuwerengedwa.