JEAN JAURÈS: MTSOGOLERI WA ANTHU A NTCHITO AMENE ANAIMIRA MYUDA

Mwa atsogoleri a anthu a ntchito a ku Ulaya, Jean Jaurès wa ku France akumbukika kufikira lero chifukwa cha mlandu wa munthu amene sanali wa chipani chake, ndiponso sanali mmodzi wa amphawi amene iye anali kuwatsogolera. Munthuyo anali Myuda, ndipo pomuimira Jaurès anaphunzitsa anzake kuti udani wa pa mtundu wina suli chida cha munthu wa ntchito.

Jaurès anabadwa pa 3 Seputembala 1859 ku Castres, kum'mwera kwa France. Atatsiriza maphunziro ake pa sukulu yapamwamba ya École Normale Supérieure ku Paris, anayamba uphunzitsi ku Albi, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa pa yunivesite ya Toulouse. M'chaka cha 1885 anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Chimene chinamkokera kwa Asosholisiti, ndiwo anthu ofuna kuti chuma cha m'migodi ndi m'mafakitale chipindulire ochigwirira ntchito, chinali sitalaka ya m'migodi ya malasha ku Carmaux mu 1892. Eni migodi anachotsa ntchito Jean-Baptiste Calvignac, mtsogoleri wa okumba malasha, atasankhidwa kukhala meya wa mzindawo. Jaurès anaima kumbali ya anthu a ntchitowo, ndipo mu 1893 iwo anamsankha kukhala phungu wawo.

Masiku amenewo udani wa pa Ayuda unali utafala m'dziko la France. Mlembi wina, Édouard Drumont, anasindikiza buku lowanyoza mu 1886, ndipo mu 1892 anayambitsa nyuzipepala ya La Libre Parole, imene inali kuphunzitsa kuti Ayuda ndiwo adalanda chuma cha dziko. Bodza limeneli linapeza malo ngakhale pakati pa Asosholisiti ena, amene anayesa kuti kudana ndi Myuda ndi kudana ndi mwini chuma ndi chinthu chimodzi. Anaiwala kuti eni migodi ndi mafakitale ambiri sanali Ayuda, ndi kuti mu Paris momwemo munali Ayuda osauka okhalira kusoka zovala ndi zipewa.

Jaurès mwini sanali wosalakwa pa nkhani imeneyi. Mu Disembala 1894 bwalo la asilikali linaweruza Kaputeni Alfred Dreyfus, Myuda wa ku banja lolemera, kuti anapereka zinsinsi za nkhondo kwa Ajeremani, ndipo linamlamula kukakhala m'ndende moyo wake wonse. Anamtumiza ku chilumba cha Devil's Island, pafupi ndi French Guiana. Jaurès sanakayike za kulakwa kwake. M'malo mwake anadandaula m'Nyumba ya Malamulo kuti mkulu wa asilikali wapulumuka imfa, pamene asilikali wamba anali kuwomberedwa pa milandu yochepera pamenepo. Mu 1895, atacheza ku Algeria, analembanso nkhani zonenera Ayuda a kumeneko mawu owawa.

Koma choonadi chinayamba kuululika. Mkulu wina wa asilikali, Georges Picquart, anapeza kuti kalata imene anaweruzira Dreyfus inalembedwa ndi munthu wina, dzina lake Esterhazy. Pa 13 Januwale 1898 mlembi wotchuka Émile Zola anasindikiza kalata yotsutsa akuluakulu a nkhondo, ndipo m'mizinda yambiri magulu a anthu anaswa masitolo a Ayuda. Mwezi womwewo aphungu a Chisosholisiti analengeza kuti mlanduwo ndi mkangano wa olemera okhaokha, woti anthu a ntchito asalowererepo. Jaurès anasainira nawo, koma mtima wake unali utayamba kale kutembenuka, makamaka chifukwa cha Lucien Herr, woyang'anira nyumba ya mabuku pa sukulu yake yakale ija, amene anamfotokozera umboni wonse.

Kuyambira pamenepo sanabwererenso m'mbuyo. Mu Febuluwale 1898 anakachitira Zola umboni m'bwalo la milandu. Mu Meyi anagonja pa chisankho ku Carmaux, ndipo mpando wake unatengedwa ndi Marquis de Solages, wa banja la eni migodi aja. Ali kunja kwa Nyumba ya Malamulo, analemba nkhani zotsatizana m'nyuzipepala ya La Petite République, zimene zinasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Les Preuves, ndiko kunena maumboni. M'menemo anasanthula makalata a mlanduwo imodzi ndi imodzi, monga mphunzitsi achonga ntchito ya ana a sukulu, naonetsa kuti ina inali yopeka. Kumapeto kwa Ogasiti, Colonel Henry anavomera kuti ndiye anapeka kalata ina yaikulu, ndipo anadzipha m'ndende.

Nkhondo yovuta koposa inali ya m'chipani momwemo. Jules Guesde, mtsogoleri wina wa Asosholisiti, anaumirira kuti anthu a ntchito ali ndi mavuto awoawo. Maganizo a Jaurès anali akuti munthu womangidwa mosalakwa sawerengedwanso wolemera kapena wosauka, ndi kuti akuluakulu ozolowera kupotoza mlandu wa Myuda adzapotozanso wa wokumba malasha. Awiriwo anatsutsana poyera pa msonkhano waukulu ku Lille mu 1900.

Dreyfus anaweruzidwanso ku Rennes mu 1899, napezekanso wolakwa, koma Pulezidenti Loubet anamkhululukira. Chikhululukiro sichinamkwanire Jaurès, pakuti wokhululukidwa akhalabe ndi dzina la wolakwa. Atabwerera m'Nyumba ya Malamulo mu 1902, anadzutsanso nkhaniyo mu Epulo 1903, ndipo pa 12 Julayi 1906 bwalo lalikulu la dziko linafafaniza chiweruzo chonse. Dreyfus anabwezeredwa ku usilikali.

Jaurès anayambitsa nyuzipepala ya L'Humanité mu 1904, nathandiza kugwirizanitsa Asosholisiti a ku France m'chipani chimodzi mu 1905. Zaka zake zotsiriza anazithera poyesa kuletsa nkhondo ya pakati pa France ndi Germany. Pa 31 Julayi 1914, akudya chakudya chamadzulo mu Café du Croissant ku Paris, anawomberedwa ndi Raoul Villain, ndipo patapita masiku owerengeka nkhondo inabuka. Mu 1924 mtembo wake unasamutsidwira ku Panthéon, kumene France isunga ana ake olemekezeka, ndipo anthu a m'migodi ya Carmaux ndiwo anauperekeza.