Bambo Gonçalo da Silveira, Munthu Amene Sanangofuna Cabe

Gonçalo da Silveira anabadwa ku Almeirim, m'dziko la Portugal, m'caka ca 1526. Anali mwana wa nduna yolemera, ndipo akadafuna akadakhala pa mtendere moyo wace wonse. Koma m'caka ca 1543 anasiya cuma ca atate ace nalowa m'gulu la Ayezuiti. M'caka ca 1556 anapita ku Goa, m'dziko la India, kumene anakhala mkuru wa ansembe anzace.

Ambiri masiku amenewo anali kufunira anthu a kuno zabwino ali khale kwao. Bambo Gonçalo ananyamuka. M'caka ca 1560 anafika ku Moçambique, nayamba kuphunzitsa ku dera la Inhambane. Pambuyo pace anadzera ku Quelimane, mzinda umene tsopano uli likulu la cigawo cathu ca Zambezia, nakwera mtsinje wa Zambezi kupyola Sena ndi Tete. Kucokera kumeneko anayenda ulendo wa pamtunda, ndipo pa nyengo ya Khrisimasi anafika ku mudzi wa mfumu yaikuru, Mwene Mutapa.

Mfumu inamtumizira golide ndi ng'ombe, koma iye anazibweza, pakuti sanadzere cuma. Anapatsa mfumu cithunzi ca Amai Maria, naiphunzitsa masabata angapo. Mfumu inabatizidwa nilandira dzina la Sebastião, ndipo anabatizidwanso amai ace ndi akuluakulu ngati 300.

Koma amalonda ena, poopa kutaya malonda ao, ananong'oneza mfumu kuti mlendoyo ndi kazitape ndiponso mfiti. Mfumu, imene inafuna ubatizo ndi cimwemwe, inalibe mtima wolimba wosunga cimene inalonjeza. Bambo Gonçalo anamva kuti afuna kumupha, koma sanathawe. Pa tsiku lace lotsiriza anabatiza anthu enanso ngati 50. Usiku wa pa 15 Marici 1561 anampotola khosi ndi cingwe, nataya mtembo wace mu mtsinje wa Musengezi.

Inu akatekumeni a ku Mongue, onani anthu awiriwa. Onse anafuna cabwino. Mmodzi anacita cimene anafuna kufikira imfa; winayo analeka pakumva mau oyamba a miseche. Mudziwa kuti wokhumba cimanga osagwira khasu agona ndi njala. Comweconso ubatizo sufika kwa munthu wongoulakalaka ali pakhonde. Mulungu apatsa caulere cace, koma afuna kuti inu munyamuke: mupite ku katekisimu ngakhale mvula igwe, mubweze ca mwini, mukhululukire mbale wanu lero lomwe.

Mafunso
1. Bambo Gonçalo anasiya ciani kuti atumikire Mulungu?
2. Cifukwa ninji mfumu inagwa itabatizidwa kale?
3. Nanga inu mudzacita ciani sabata lino?