Godfrey Chitalu: Mwini Zigoli 107

Kummwera kwa boma la Mzimba, kumene ine ndinabadwira ndi kukulira, malire a Malawi ndi Zambia ndi mzere wa pamapu chabe. Anthu a ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni amakwatirana ndi anzawo a ku Lundazi, ndipo mbali zonse ziwiri Chitumbuka chimamveka. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna ambiri a kwathu ankapita kukagwira ntchito kumigodi ya kopa ku Kitwe, Luanshya, Mufulira ndi Chingola. Pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, masuti, mawayilesi komanso nkhani. Pa nkhani zimenezo ya mpira sinkasowa, ndipo dzina limene madoda a kwathu amalitchulabe mpaka lero ndi la Godfrey Chitalu, yemwe ambiri amangomudziwa kuti Ucar. M'nkhani ino ndifotokoza moyo wa katswiriyu, makamaka zaka zimene anasewera m'matimu a Kitwe United ndi Kabwe Warriors. Ndionetsanso chifukwa chimene mbiri yake ikutikhudzira ife amene timaphunzira za chiyankhulo ndi zolembalemba.

Chitalu anabadwa pa 22 Okotobala 1947 ku Luanshya, tauni ya migodi, ndipo anakulira m'komboni ya Mikomfwa. Masiku amenewo dzikolo linkatchedwa Northern Rhodesia. M'matauni a kumigodi munali mabwalo a zamasewero ndi malo osonkhanira achinyamata, pakuti eni migodi ankafuna kuti antchito ndi ana awo azikhala otanganidwa akaweruka. Mwa njira imeneyi mpira unazika mizu kwambiri m'chigawocho. Chitalu anayamba kusewera ali mwana ku Luanshya komweko, kenaka anasamukira ku Kitwe. Kumeneko luso lake linaonekera m'matimu a achinyamata mpaka akuluakulu a Kitwe United anamutenga, pa nthawi imene dziko la Zambia linali litangolandira ufulu wodzilamulira mu 1964.

Ku Kitwe United anayambira m'timu yaing'ono, koma sanachedwe kukwera. Anali wamphamvu, waliwiro, ndipo mpira ankaumenya mwaukali. Komabe anali ndi vuto limodzi lalikulu, ndilo mtima wapachala. Ankakangana ndi oyimbira mpira, ankabwezera akachitidwa chipongwe, ndipo kangapo anatulutsidwa m'bwalo ndi kuyimitsidwa kusewera. Nkhani yotchuka ya zaka zimenezi ndi ya tsiku lina pamene woyimbira anamufunsa dzina kuti amulembe m'kabuku, iye n'kutchula dzina la Denis Law, katswiri wa Manchester United. Woyimbirayo anamutulutsa. Nkhaniyi imaseketsa, koma imationetsanso mnyamata amene ankadziyeza ndi akatswiri a dziko lonse lapansi pamene anali asanatchuke ngakhale kwawo komwe.

Zinthu zinasintha mu 1968. Akuluakulu a timuyo anamupatsa ukaputeni, ndipo udindo unayamba kumuweta. Chaka chimenecho anayamba kusewera m'timu ya dziko, anagoletsa zigoli 81 pophatikiza za kalabu ndi za dziko, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'Zambia. Ulemu umenewu anaulandiranso mu 1970, chaka chimene Kitwe United inatenga chikho cha Chibuku.

Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu yothandizidwa ndi kampani ya sitima zapamtunda ya Zambia Railways. Kusamukaku kunali ndi mkangano pa nkhani ya ndalama, ndipo pamapeto pake Warriors inalipira K3,500. Tiyenera kukumbukira kuti osewera a nthawi imeneyo sankadya za mpira zokha ayi. Kampani yothandiza timu inkawalemba ntchito, ndiye munthu ankagwira ntchito masana n'kukachita zokonzekera madzulo. Ku Kabwe anapeza timu yakupsa kale, imene inatenga ligi mu 1968 ndi mu 1970, yokhala ndi akatswiri monga Boniface Simutowe ndi Sandy Kaposa. Chitalu atafika, Warriors inatenganso ligi mu 1971.

Dzina lakuti Ucar likuyenera kufotokozedwa, pakuti kwa wophunzira chiyankhulo ndi chitsanzo chabwino cha m'mene maina opatsidwa amabadwira. Ucar unali mtundu wa mabatire opangidwa ndi kampani ya Union Carbide, amene ankatchuka kuti sakutha msanga. Anthu ataona wosewera wothamanga mphindi zonse 90 osatopa, anamufanizira ndi mabatirewo. Fanizoli linagwira chifukwa linachokera m'moyo wa omvera enieniwo. Ambiri ankatsatira mpira pawayilesi, ndipo wayilesi yopanda mabatire abwino inkazima masewero ali pakati. Choncho dzina la malonda linasanduka dzina la munthu, ndipo lero ambiri amene amalitchula sadziwa n'komwe kuti kunali mabatire otero. Mawu amene ankafikitsa mpira wa ku Zambia m'midzi yakutali ngati ya kwathu anali a muulutsi Dennis Liwewe, yemwe anabadwira kuno ku Malawi mu 1936 ndipo anamwalira mu 2014. Agogo anga aamuna, amene anagwirako ntchito kumigodi, sanamuonepo Chitalu ali ku Kabwe, koma ankafotokoza zigoli zake ngati kuti anali pabwalo pomwepo. Maso awo anali mawu a muulutsi.

Chaka chimene chinamuika Chitalu m'mbiri ndi 1972. Chinayamba ndi mpikisano wa matimu otenga ligi mu Africa, pamene Warriors inakumana ndi Majantja ya ku Lesotho. Ku Maseru matimuwa anafanana mphamvu, 2–2, ndipo zigoli zonse ziwiri za Warriors anagoletsa ndi iye. Pamasewero achibwereza ku Ndola, Warriors inapambana 9–0, Chitalu yekha n'kugoletsa 7. Ligi itayamba sanabwerere m'mbuyo. Anagoletsa zigoli 49 muligi mokha, ndipo Warriors inasesa zikho zonse za m'dzikomo: ligi, Charity Shield, Castle Cup, Chibuku Cup ndi Challenge Cup. Pakutha pa nyengoyo zigoli zake zinawerengedwa kuti ndi 107, ndipo anapatsidwa mpira wapadera wolembedwa nambalayo. Chithunzi chake atanyamula mpira umenewu chilipo mpaka lero. Zigoli 9 zimene anagoletsa Majantja sizinawerengedwe chifukwa zinabwera nyengo ya mpira wa m'dzikomo isanatsegulidwe. Zikaphatikizidwa, chiwerengero cha chaka chonse chimafika 116.

Atachita zoterozo sanazilale ngati moto wamapesi. Anakhala ku Kabwe Warriors mpaka pamene anasiya kusewera mu 1982. Anasankhidwanso kukhala wosewera wopambana onse mu 1974, 1978 ndi 1979, kutanthauza kuti ulemuwu anaulandira kasanu, ndipo kawiri komalizako anali atapitirira zaka 30. M'timu ya dziko anali nawo pamene Zambia inafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa mu 1974 ku Egypt n'kugonja kwa Zaire. Anagoletsanso pa masewero a Olympic ku Moscow mu 1980. Zigoli zake zonse za timu ya dziko ndi 79. Amalawi anamuona ndi maso mu 1978, pamene chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa chinachitikira kuno. Zambia inakwapula Kenya 9–0 ndipo Chitalu anagoletsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense pa mpikisanowo, koma m'ndime yotsiriza Malawi ya Kinnah Phiri inapambana 3–2 n'kutenga chikhocho koyamba. Kwathu ku Mzimba, kumene banja limodzi limakhala ndi abale mbali zonse ziwiri za malire, akuluakulu amati tsiku limenelo chimwemwe ndi chisoni zinadyera m'mbale imodzi.

Atapachika nsapato anakhalabe ku Kabwe, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa Warriors. Munthu uja ankavutitsa oyimbira mpira ali mnyamata tsopano ndiye ankalangiza achinyamata za mwambo. Kenaka anapatsidwa timu ya dziko, wothandizana naye ali Alex Chola. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali a Zambia ya mtundu wa Buffalo, imene inanyamula timuyo kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal m'masewero opitira ku chikho cha dziko lonse, inagwera m'nyanja ya Atlantic itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18. Lipoti la boma la Gabon limene linatuluka mu 2003 linati injini yakumanzere inali ndi vuto, ndipo woyendetsa, yemwe anali wotopa, anazimitsa yakumanja imene inali bwinobwino. Chitalu anali ndi zaka 45. Iye ndi anzake anaikidwa pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka, pamalo otchedwa Heroes' Acre.

Dzina lake linadzukanso mu 2012. Mu Febuluwale chaka chimenecho Zambia inatenga chikho cha Africa ku Libreville komweko, itagonjetsa Côte d'Ivoire pamapenate. Mu Disembala, Lionel Messi anapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany anagoletsa mu 1972, ndipo anamaliza chaka ndi 91. Manyuzipepala a dziko lonse analengeza kuti palibe munthu anagoletsapo zigoli zochuluka chotero m'chaka chimodzi. Bungwe la mpira la Zambia linatsutsa, n'kukumbutsa dziko kuti m'chaka chomwecho cha Müller, mwana wa ku Mikomfwa anagoletsa 107. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga ziwerengero za mipikisano ya m'maiko, choncho silingavomereze za Chitalu ngakhale za Messi. Bwalo la Warriors ku Kabwe linapatsidwa dzina la Chitalu, ndipo wofufuza wina wa ku Zambia, Jerry Muchimba, anasanthula manyuzipepala akale n'kulemba buku la moyo wake.

Otsutsa amati zina mwa zigoli 107 zija zinali za masewero apaubale, ndiponso kuti ligi ya Zambia sinali yolimba ngati ya Germany kapena Spain. Mfundo yoyambayo ndi yoona, ndipo woyerekeza ziwerengero ayenera kuiganizira. Koma ine ndikuona kuti chimene chinamugwetsa Chitalu pa mlanduwu si mphamvu ya ligi ayi, koma umboni. Chigoli chilichonse cha Müller chili ndi tsiku lake, mphindi yake ndi dzina la timu imene inachinyidwa, zonse zosungidwa bwino. Za Chitalu zinakhala zaka 40 m'manyuzipepala achikasu ndi m'mitu ya okalamba, mpaka pamene mlendo anatsala pang'ono kulandira ulemu wonse.

Vuto limeneli ndi lathunso kuno ku Malawi. Timanyadira zigoli 71 zimene Kinnah Phiri anagoletsera dziko lino, koma ndi angati mwa ife angatchule zimene anagoletsera Bata Bullets chaka ndi chaka? Nanga za anyamata amene anagwedeza mabwalo a pa Mzimba boma ndi m'masukulu a ku Embangweni, ndani anazilemba? Mbiri yapakamwa ndi chuma, ndipo popanda iyo dzina la Ucar silikanafika kwa ine. Koma wokamba akamwalira amapita nayo kumanda, ndipo pa mkangano wa maiko wopambana amakhala amene wagwira pepala. Madoda amene anamvera zigoli za 1972 pawayilesi akutha mmodzimmodzi. Ife amene tikuphunzira kulemba m'ziyankhulo zathu tiyenera kuwapeza akadali moyo, tikhale nawo pansi, tiwafunse, ndi kulemba.