Guido wa ku Arezzo, Amene Anaika Nyimbo pa Mizere

Guido anabadwa m'dziko la Italy capafupi ndi caka ca 992. Atakula analowa m'nyumba ya amonke ya ku Pomposa, pafupi ndi matsiriro a mtsinje wa Po, kumene abale ankaimba Masalmo m'Cilatini usana ndi usiku.

Masiku amenewo nyimbo za Eklesia zinkasungidwa m'mutu mwa munthu. Mabuku analipo ndithu, ndipo pamwamba pa mau ace panali zizindikiro zazing'ono zokumbutsa woimba kuti apa liu likwere, apa litsike; koma sizinanene kuti likwere kufikira pati. Cotero mnyamata anayenera kuima pamaso pa mphunzitsi wace, nabwereza nyimbo iriyonse kufikira itamlowa, ndipo zaka 10 zinkatha asanatsirize. Mphunzitsi akaphonya, ana ace onse ankaphonya naye.

Cinthu ici cinambvuta Guido mumtima. Pomwepo analemba mizere yopingasa yoyandikana, napatsa liu liri lonse malo aceace, pa mzere kapena pa mpata wa pakati. Mzere wa liu la F anaupaka wofiira, wa C wacikasu, kuti diso lisasokere. Ana anayamba kuimba nyimbo zimene sanazimvepo ndi kale lonse, ndipo nchito ya zaka 10 inatha m'caka cimodzi kapena ziwiri.

Koma abale anzace anamcitira nsanje. Nkosadabwitsa, pakuti iwo anazipeza nyimbozo ndi thukuta la unyamata wao wonse. Guido anacoka capafupi ndi 1025, napita ku Arezzo, kumene Bishopo Tedald anampatsa oimba a m'kacisi wamkuru kuti awaphunzitse. Kumeneko analemba buku lace lochedwa Micrologus. M'menemo analongosolanso kuimba kwa mau awiri: wina agwira nyimbo yakale, mnzace amperekeza m'munsi, nthawi zina kuima pa liu limodzi, ndipo potsiriza akomana.

Mbiri yace inafika ku Roma, ndipo Papa Yohane XIX anamuitana capafupi ndi 1028. Papayo anasanthula buku la nyimbo la Guido, ndipo sanauke pampando kufikira anaimba yekha ndime imene sanaimvepo. Anafuna kumsunga komweko, koma kutentha kwa mzindawo kunamdwalitsa Guido, nacoka. Mkuru wa ku Pomposa analapa, nampempha kuti abwerere.

M'kalata imene analembera mbale wace Michael wa ku Pomposa, Guido anaonetsa njira ina. Panali nyimbo ya tsiku la Yohane Mbatizi, imene cigawo cace ciri conse cinayambira pa liu lokwerapo pang'ono. Pa ziyambi zimenezo panacokera maina a ut, re, mi, fa, sol, la. Kalata yotsiriza yochula Guido ali moyo ndi ya caka ca 1033. Patapita zaka mazana, anthu a ku Italy anasintha ut nati do. Ndipo ku England Sarah Glover ndi mbusa John Curwen anakonza mainawo kukhala Tonic Sol-fa, imene amishoni anafika nayo m'masukulu ndi m'mipingo ya kuno.