Maria Montessori, dokotala amene anasanduka mphunzitsi

Maria Montessori anabadwa mu 1870 ku Chiaravalle, m'dziko la Italy. Masiku amenewo udokotala unkaoneka ngati nchito ya amuna, moti bambo ake sanafune kuti auphunzire. Iye analimbikira mpaka anamaliza mu 1896.

Pa 6 Januwale 1907 anatsegula kalasi ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Roma. Kumeneko makolo ankalawirira kunchito, ana n'kutsala okha tsiku lonse.

M'kalasimo anaikamo timipando ndi timatebulo topepuka, toti mwana anyamule yekha. Ana ankasesa, kusamba m'manja, kumanga mabatani ndi kusamalira mbewu. Nanga kulemba? Anadula zilembo pa pepala lokhakhala n'kuzimata pa timakhadi. Mwana ankayendetsa cala pa cilembo uku akuchula liwu lake. Ambirife tinayamba ndi pensulo, dzanja likunjenjemera, koma iwo anayamba ndi cala basi. Posakhalitsa ana a zaka 4 anayamba kulemba mawu ndi coko, popanda wowakakamiza.

Atasemphana ndi boma la Mussolini pa nkhani ya masukulu ake, anacoka ku Italy mu 1934. Anakaphunzitsanso aphunzitsi ku India. Anamwalira ku Netherlands mu 1952.