Subrahmanyan Chandrasekhar, katswiri amene anapeza malire a kulemera kwa nyenyezi zofota

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mitambo ya mvula ikayera usiku, anthu a ku Bundabunda ndi madera a ku Chongwe amaona nyenyezi ina yowala kwambiri ikudutsa pafupifupi paliwombo penipeni. Dzina lake ndi Sirius. Pambali pake pali inzake yosaoneka ndi maso, yomwe kukula kwake n'kofanana ndi dziko lapansi, koma kulemera kwake n'kofanana ndi dzuwa. Sipuni imodzi yaing'ono ya zinthu za m'kati mwake ingalemere matani angapo. Nyenyezi zotere n'zokalamba, nkhuni zake zinatha ndipo zinafota. Pa Chingerezi amazitcha white dwarf.

Munthu amene anatsimikiza ndi masamu kuti nyenyezi yofota siingapitirire muyezo wina wa kulemera ndi malemu Subrahmanyan Chandrasekhar. Muyezo umenewo umadziwika ndi dzina lawo mpaka lero, ndipo ndi umene akatswiri amayambira akamafufuza za kuphulika kwa nyenyezi zoterezi.

A Chandrasekhar anabadwa pa 19 Okutobala 1910 mumzinda wa Lahore, womwe pa nthawiyo unali m'dziko la India pansi pa ulamuliro wa Britain, koma tsopano uli m'dziko la Pakistan. Bambo awo ankagwira ntchito yolondoloza chuma ku kampani ya njanji, ndipo mchimwene wa bambo awo, a C. V. Raman, ndi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1930. Banjali linasamukira ku Madras, komwe masiku ano kumatchedwa Chennai, ndipo kumeneko mnyamatayo anaphunzira pa Presidency College. Mu 1928 katswiri wa ku Germany, a Arnold Sommerfeld, anafika mumzindawo ndipo anamuuza wophunzirayo kuti zambiri zomwe ankawerenga m'mabuku zinali zitatha kale ntchito chifukwa cha nzeru zatsopano zokhudza tinthu ting'onoting'ono ta m'chilengedwe.

Mu 1930, ali ndi zaka 19, anakwera sitima ya pamadzi kupita ku England kukaphunzira pa yunivesite ya Cambridge. Amayi awo anawasiya akudwala, ndipo anamwalira chaka chotsatira asanaonanenso.

Pa ulendo wa panyanjawo ndi pomwe anachita masamu amene anawatchukitsa. Mphunzitsi amene ankapita kukaphunzira kwa iye, a Ralph Fowler, anali atafotokoza kale chomwe chimachirikiza nyenyezi yofota kuti isafwafwanike ndi kulemera kwake komwe: tinthu totchedwa maelekitironi timakana kupanikizidwa pamalo amodzi, ndipo timakankha mobwezera. A Chandrasekhar anaona chimene ambiri sanachiganizire. Nyenyezi ikamalemera kwambiri, tinthuto timathamanga mofulumira mpaka kuyandikira liwiro la kuwala, lomwe malinga ndi a Albert Einstein palibe chinthu chingalipitirire. Zikafika pamenepo, mphamvu yokankha ija siikulanso mokwanira kuti isenze katunduyo. Malire ake ndi kulemera kwa dzuwa kuchulukitsa ka 1.4. Anzawo awiri, a Wilhelm Anderson ndi a Edmund Stoner, anali atayandikira mfundo yomweyi pa okha, koma a Chandrasekhar ndiwo anaikonza mwatsatanetsatane kwa zaka zinayi zotsatira.

Pa 11 Januwale 1935 anapereka zotsatira za ntchito yawo pamsonkhano wa bungwe la Royal Astronomical Society mumzinda wa London. Atangokhala pansi, anaimirira a Arthur Eddington, amene pa nthawiyo ankalemekezedwa ngati mkulu wa akatswiri onse a nyenyezi ku Britain. Iwo anaitsutsa ntchito yonseyo moseka, ponena kuti chilengedwe chiyenera kukhala ndi lamulo loletsa nyenyezi kuchita zachibwana zotero. Chopweteka kwambiri chinali chakuti a Eddington ankawayendera mnyamatayo miyezi yonse yomwe ankachita masamuwo, koma sanamuuze kuti akukonzekera kumutsutsa pagulu. Akatswiri ena, monga a Niels Bohr ndi a Wolfgang Pauli, anavomereza mwamseri kuti wachinyamatayo ndiye ankalondola, koma sanafune kulimbana ndi mkuluyo poyera.

A Chandrasekhar sanapitirize mkanganowo. Mu 1936 anakwatira a Lalitha Doraiswamy, omwe anadziwana nawo ku koleji ku Madras, ndipo mu 1937 anayamba ntchito pa yunivesite ya Chicago ku America. Nakonso anakumana ndi tsankho, chifukwa mkulu wina wa payunivesitepo sankafuna kuti munthu wa khungu lakuda aziphunzitsa m'nyumba yake, kufikira mtsogoleri wa yunivesiteyo, a Robert Hutchins, atalamula kuti aphunzitse. Mu 1939 analemba buku lofotokoza m'mene nyenyezi zilili m'kati mwake, kenaka nkhani ya nyenyezi zofota anaisiya n'kutembenukira ku zina. Umu ndi momwe ankachitira moyo wawo wonse: kugwira mutu umodzi zaka pafupifupi khumi, kuulembera buku, n'kusamukira ku wina. Kuyambira 1952 mpaka 1971 analinso mkonzi wa magazini ya akatswiri ya Astrophysical Journal.

Choncho amene analumikiza malire aja ndi kuphulika kwa nyenyezi ndi anthu ena. Kuwala kwa nyenyezi kukadutsa m'galasi lapadera kumagawika m'mitundu monga utawaleza, ndipo m'kati mwa mitunduyo mumaoneka timizere tosonyeza zinthu zomwe zili m'nyenyeziyo, chilichonse ndi chizindikiro chake. Mu 1941 a Rudolph Minkowski, poyerekeza mautawaleza a nyenyezi zophulika, zomwe zimatchedwa supernova, anazigawa m'magulu awiri: zina zimaonetsa mpweya wa haidirojeni, zina ayi. Mu 1960 a Fred Hoyle ndi a William Fowler anafotokoza kuti zopanda haidirojenizo zimachokera ku nyenyezi zopanikizika ngati zija anawerengera a Chandrasekhar. Pambuyo pake, gulu lomwe limaonetsa mzere wakuya wa silikoni linapatsidwa dzina lakuti Type Ia.

Kufotokoza komwe kunafala n'kwakuti nyenyezi yofota imayamwa mpweya kuchokera kwa inzake yoyandikana nayo, n'kumanenepa pang'onopang'ono. Ikayandikira malire aja, kaboni wa m'kati mwake amayaka, ndipo m'timphindi towerengeka nyenyezi yonse imamwazika. Kwa masabata angapo imawala ngati madzuwa mabiliyoni. Phulusa lake lalikulu ndi chitsulo, ndipo gawo lalikulu la chitsulo chomwe chili m'khasu ngakhale m'magazi a munthu linachokera m'kuphulika kotere.

Ngati zonse zimaphulika pa kulemera kofanana, ndiye kuti kuwala kwake kuyeneranso kufanana. Munthu wodziwa mphamvu ya nyali angathe kuyerekeza kutalika kwa mudzi womwe nyaliyo ikuyakira poona m'mene ikuthimirira. Akatswiri anayamba kuyeza mitunda ya mlengalenga mwanjira yomweyo.

Mu 1983 a Chandrasekhar analandira mphoto ya Nobel, yomwe anagawana ndi a William Fowler aja. Panali patatha zaka 53 chichitireni masamu a m'sitima.

Koma ali moyo, thambo linayamba kuonetsa kuti nkhaniyi sinali yosalala chotero. M'chaka chimodzi chokha cha 1991 kunaoneka nyenyezi ziwiri zophulika za gulu la Ia zosiyana kwambiri. Yoyamba, yotchedwa SN 1991T, inawala kuposa zinzake, ndipo m'masiku oyambirira mzere wa silikoni unali wosaoneka bwino pomwe mizere ya chitsulo inali yamphamvu. Yachiwiri, SN 1991bg, inali yothimirira, yofiirira, inazilala msanga, ndipo inaonetsa mizere ya titaniyamu, chizindikiro chakuti moto wake unali wocheperako. Mu 1993 a Mark Phillips, omwe ankagwira ntchito ku Cerro Tololo m'dziko la Chile, anaonetsa kuti zowala kwambiri zimachedwa kuzilala pomwe zothimirira zimazilala msanga, kotero kuti kusiyanako kungathe kukonzedwa ndi masamu. Njira imeneyi inathandiza magulu awiri a akatswiri kulengeza mu 1998 kuti chilengedwe chonse chikufutukuka pa liwiro lomwe likuwonjezeka, ntchito yomwe inabweretsa mphoto ya Nobel ya 2011.

A Chandrasekhar sanaione nkhani imeneyo. Anamwalira ndi matenda a mtima ku Chicago pa 21 Ogasiti 1995, chaka chomwe linatuluka buku lawo lomaliza, lofotokoza masamu a Isaac Newton.

Kuchokera nthawi imeneyo kusiyana kwa mautawaleza kwangochulukirachulukira. Mu 2006 akatswiri analengeza za SN 2003fg, yomwe inawala kwambiri koma zidutswa zake zinkamwazika pang'onopang'ono, ndipo inali ndi kaboni wosapsa. Masamu anaonetsa ngati inachokera ku chinthu cholemera pafupifupi madzuwa awiri, kupitirira malire aja. Izi sizikutanthauza kuti a Chandrasekhar analakwa, chifukwa muyezo wawo ndi wa nyenyezi imodzi yosazungulira mothamanga, ndipo nyenyezi zofota ziwiri zikhoza kugundana n'kuphatikizana. Akatswiri ambiri tsopano akuonanso kuti zina zimaphulika zisanafike pamalirepo, moto ukayambira pa mpweya wa heliyamu womwe waunjikana pamwamba pake. Funso lakuti ndi zingati zomwe zimaphulikira pamalire a Chandrasekhar, ndi zingati zomwe zimaphulika mwanjira zina, likufufuzidwabe, ndipo n'lofunika chifukwa miyezo ya kufutukuka kwa chilengedwe yatsamira pa nyenyezi zimenezi.

Mu Julayi 1999 bungwe la NASA linatumiza mlengalenga makina oonera nyenyezi omwe linawatcha Chandra, chidule cha dzina lawo chomwe anzawo ankawaitanira. Mwa zina zomwe makinawo ajambula ndi phulusa la nyenyezi yomwe a Tycho Brahe anaiona ikuwala mu 1572. Mu 2008, poyeza kuwala kwake kwakale komwe kunanjanja pa mitambo ya fumbi la mlengalenga n'kufika kuno mochedwa, akatswiri anapeza mzere wa silikoni uja, ndipo anatsimikiza kuti inali nyenyezi yofota ya gulu la Ia.