GRACE HOPPER, MKAZI AMENE ANAPEPUTSA NCHITO YA MAKINA

Grace Hopper anabadwira mu mzinda wa New York, m'dziko la America, pa 9 December 1906. Ali mwana wa zaka 7 anamasula mawochi 7 a m'nyumba mwao, pofuna kuona cimene ciwayendetsa. Atakula anaphunzira masamu ku Vassar ndi ku Yale, nakhala mphunzitsi.

Mu 1943, nkhondo iri m'kati, analowa usilikari wa pamadzi, ndipo mu 1944 anamtuma ku Harvard kukagwira nchito pa makina owerengera ochedwa Mark I. Makina otere lero tiwacha kompyuta.

Masiku amenewo kulamula makinawa kunali kobvuta ndithu. Munthu anali kulemba lamulo liri lonse m'manambala, nachula malo eni eni osungiramo kanthu kali konse. Akaphonya nambala imodzi, nchito ya masiku ambiri inali kuonongeka.

Grace anaona kuti nchito yobwereza-bwereza iyenera makina, si munthu ai. Tsono mu 1952 anakonza dongosolo lochedwa A-0, limene linali kusonkhanitsa lokha malamulo olembedwa kale. Ambiri anakayika, koma iye sanafooke. Pamodzi ndi anzace anakonzanso FLOW-MATIC, cinenero colamulira makina ndi mau a Cingerezi.

Nzeru yace yaikuru inali yotere. Mphunzitsi asanalembe ana m'kaundula, ayamba wajambula mizere, nalemba pamwamba pace dzina, zaka ndi mudzi. Momwemonso munthu angolongosola kamodzi maonekedwe a zinthu zofunika kusunga, monga kuti dzina litenge zilembo 20 ndi zaka manambala 2. Pamenepo makina alemba okha malamulo a kusunga zinthuzo ndi kuziturutsanso. Nzeruyi inalowa m'cinenero ca COBOL mu 1959, cimene mabanki ambiri agwira naco nchito kufikira lero.

Grace anapuma usilikari mu 1986, ali ndi zaka 79 ndi udindo wa Rear Admiral. Anamwalira pa 1 January 1992, naikidwa ku manda a asilikari ku Arlington. Moyo wace utiphunzitsa kuti wofunsa cifukwa ca cinthu ndiye apeza njira yatsopano.

MAFUNSO

1. Kodi kulamula makina kunali kobvuta cifukwa ninji?
2. Jambulani mizere ya kaundula wa mabuku a m'kalasi mwanu.